Matenda Amene Tidawasandutsa Dzina

Patchuthi chapitachi ndidaperekeza amayi ndi achimwene anga kubwalo la amfumu kwathu ku Ntcheu. Mlandu wake udali wa malire a dimba. Mnansi wathu adali atalowerera mizere ingapo m'dimba la amayi, ndipo poti achimwene ndiwo adalipo tsiku lomwe malemu agogo ankabzala khonje wa m'malire, mboni yathu idali iwowo. Nthawi yawo itakwana adaimirira, navula chipewa, nafotokoza zonse mwatchutchutchu: chaka chake, anthu amene adalipo, ndi chulu chomwe mzere wa khonjewo udayambira. Atangokhala pansi, bambo wina wa mbali inayo adafunsa, osakweza mawu n'komwe: "Kodi amfumu, bwalo lino layamba liti kumvera umboni wa wamisala?" Anthu adaseka. Sadaseke onse ayi, koma amene adasekawo adali okwanira kuti umboni wonse uja ungouluka ndi mphepo.

Achimwene sadayankhe kanthu. Adangoyang'ana chipewa chawo. Tsiku limenelo n'kuti patatha zaka 6 chitulukireni m'chipatala komaliza. Iwowa ndi mmisiri wa matabwa wodziwika pamsika wathu, ndipo ndalama yomwe ndimagulira sopo ndi mapepala kuno kusukulu nthawi zambiri imachokera m'thumba mwawo. Ngakhale chitseko cha nyumba ya bambo adafunsa funso uja adakhoma ndi iwo. Mlanduwo udatikomera patatha milungu iwiri, gogo wina atabwera kudzanena zomwezo zimene achimwene adanena, osaonjezera kapena kuchotsapo. Dimba lidabwerera, koma ine chidanditsalira mumtima ndi china: liwu limodzi lokha lidakwanitsa kufafaniza munthu wathunthu pamaso pa mudzi wake.

Nkhani ino ndalemba eni ake atandiloleza. Mfundo yanga ndi yakuti kusala anthu odwala matenda aakulu a maganizo kumayambira pakamwa pathu. Tidatenga matenda n'kuwasandutsa dzina la munthu, ndipo dzina silichira. Ife amene tikuphunzira za chiyankhulo ndi zolembalemba sitingazembe ponena kuti nkhaniyi ndi ya madokotala okha, pakuti chida chomwe chimavulaza anthuwa ndi chomwecho chimene timachisanthula tsiku ndi tsiku m'kalasi.

Achimwene adayamba kudwala ali ndi zaka 20, ine ndili ndi zaka 11. Poyamba adangosiya kugona. Kenaka adayamba kudzitsekera m'gowelo, kukana nsima ponena kuti yathiridwa tameki, ndi kuyankha anthu omwe ife sitinkawaona kapena kuwamva. Mudzi udagawikana. Ena ankati ndi chamba, ena ankati awalodza chifukwa cha nzeru za kusukulu, ndipo ena ankanong'ona kuti bambo athu adawakhwimira kuti golosale yawo iziyenda. Amayi adagulitsa mbuzi zitatu n'kupereka kwa asing'anga. Pambuyo pake tidayenda m'mapemphero a usiku. Achimwene atayamba kusowa pakhomo kukada, amalume adawamanga ndi chingwe pamtengo wa mango wa kuseri kwa nyumba. Sadachite izi chifukwa cha nkhanza, adachita chifukwa cha mantha ndi kusowa pogwira. Padatha chaka ndi miyezi iwiri mlangizi wa zaumoyo wa m'dera lathu asadatikakamize kupita nawo kuchipatala cha boma, komwe adatitumiza ku Zomba Mental Hospital. Kumeneko tidamva koyamba liwu lakuti schizophrenia, ndipo tidamvanso koyamba kuti matendawa ali ndi mankhwala.

Zipsera za chingwe chija zikadalipo pamikono yawo. Ndidazikumbukira tsiku lomwe ndidawerenga buku la Erving Goffman la mu 1963 lotchedwa Stigma. Iye adafotokoza kuti liwuli lidachokera kwa Agiriki akale, omwe ankatema kapena kuotcha chizindikiro pathupi la kapolo, chigawenga kapena munthu woukira dziko, kuti aliyense womuona amupewe. Masiku ano sitiotcha munthu ndi chitsulo. Timamuotcha ndi dzina, ndipo chipsera cha dzina chimaposa cha chingwe chifukwa malaya a manja aatali sangachibise.

Tiyeni tione mmene timayankhulira za matenda ena. Munthu akagwidwa ndi malungo timati akudwala malungo. Sabata ikatha timati adadwala malungo, kenaka timati adachira. Liwu limene lasenza matendawo ndi mneni, ndipo mneni ali ndi nthawi: yatsopano, yakale ndi yam'tsogolo. Palibe amene amatcha mnzake wamalungo moyo wake wonse. Koma matenda akakhudza maganizo, chiganizo chimasintha. Sitinena kuti akudwala, timati ndi wamisala. Mneni uja wachoka, patsala dzina lomangidwa ndi ka "wa" kosonyeza umwini, konga kamene kali m'mawu akuti "wa ku Dowa" kapena "mwana wa amfumu". Munthu uja wasanduka wake wa misala, ngati kuti misalayo ndi mudzi wake kapena mbuye wake. Inde, malamulo a chiyankhulo amalola kunena kuti "adali wamisala", koma ndi kangati mudamvapo mawu amenewa? Ndipo akanenedwa, amabwera ndi mchira wake: "Koma zija sizitherathu." Umu ndi mmenenso makolo athu ankachitira ndi wakhate ndi wakhunyu. Matenda amene timawaopa kwambiri ndi amene timawasandutsa maina.

Palinso nkhani ya magulu a maina. Tonse tidaphunzira kupulayimale kuti maina ambiri a anthu ali m'gulu la Mu-A, pamene chinthu, chipande ndi chikho zili m'gulu la Chi-Zi. Tsono tamverani kumene timaika munthu amene tikuganiza kuti mutu wake sugwira: chitsiru, chidzete, chindere. Ana akamathamangitsa munthu wodwala pamsika amafuula kuti, "Chabwera! Chigendeni!" Aphunzitsi anga andikumbutsa kuti gulu la Chi-Zi silinyoza nthawi zonse, pakuti chiphadzuwa nachonso chili momwemo. Ndikuvomereza. Koma mwana amene wasiya kunena kuti "abwera" n'kuyamba kunena kuti "chabwera" sakutamanda kukongola kwa munthu. Wamuchotsa pakati pa anthu n'kumuika pakati pa zinthu, ndipo chinthu sichimva kuwawa ukachigenda. Mwala usadachoke m'manja, mgwirizano wa mawu umakhala utapereka kale chilolezo.

Vuto lachitatu ndi lakuti liwu limodzi lakuti misala timakutira nalo matenda ambiri osiyana. M'thumba limeneli timaponyamo schizophrenia, yomwe imachititsa munthu kumva mawu kapena kukhulupirira zinthu zomwe palibe. Timaponyamo bipolar, yomwe imamukweza munthu pachisangalalo ndi mphamvu zopyola muyeso kenaka n'kumugwetsera m'chisoni chakuya. Timaponyamo kusokonezeka kwa masiku ochepa kobwera ndi malungo aakulu, kusokonezeka kwa mayi amene wangobereka kumene, kuiwala kwa nkhalamba komwe kwachititsa agogo ambiri kunamiziridwa ufiti, ngakhalenso khunyu, lomwe ndi matenda a ubongo amtundu wina. Matenda onsewa ali ndi magwero osiyana, mankhwala osiyana ndi mathero osiyana. Munthu amene chifuwa chilichonse amangochitcha chifuwa sangasiyanitse chimfine ndi chifuwa chachikulu, ndipo tsiku lina adzataya m'bale wake akumumwetsa madzi a mandimu.

Nanga matendawa ndi ochuluka bwanji? Mu 2022 bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO lidati anthu pafupifupi 24 miliyoni ali ndi schizophrenia, kutanthauza munthu mmodzi mwa anthu 300 alionse. Nthawi zambiri matendawa amayamba munthu akamatsiriza unyamata kapena akangopitirira zaka 20, womwe ndi msinkhu wa ambiri a ife amene tikuwerenga buku lino. Bungwe lomweli lidatinso mwa odwala atatu alionse, mmodzi kapena kuposerapo zizindikiro zake zimatheratu. Ena ambiri amakhala bwino, kugwira ntchito ndi kulera ana, malinga akumwa mankhwala ndipo ali ndi owathandiza.

Wina afunsa kuti, ngati anthu amachira, bwanji sitiwaona? Yankho lake ndi lakuti timawaona tsiku lililonse koma sitiwazindikira. Amatiphunzitsa, amatisokera zovala, amatigulitsa tomato, amakhala nafe pabenchi limodzi m'tchalitchi ndi mumzikiti. Amabisa chifukwa akudziwa chomwe chidagwera achimwene anga kubwalo lija. Amene timamuona ndi kumuzindikira ndi yekhayo wa nsanza wa kudepoti, amene sadalandirepo chithandizo kapena adatayidwa ndi abale. Choncho chithunzi chathu cha matendawa timachijambula poyang'ana anthu okhawo amene tidawalephera. Tsankho limabisa ochira, ndipo kubisala kwa ochira kumalimbitsa tsankho. Galu akuthamangitsa mchira wake.

Mtengo wa zimenezi si manyazi okha. Banja lathu lidachedwa chaka ndi miyezi iwiri, ndipo mbali ina ya kuchedwako idali kuopa kuti tikangotchula za Zomba, alongo athu sadzakwatiwa. Madokotala amanena kuti matendawa akakhalitsa osalandira mankhwala, kuchira kwake kumavutirapo. Achimwene adabwereranso m'chipatala kawiri, ndipo ulendo umodzi chifukwa chake chidali chakuti adasiya kupita kukabayitsa jakisoni wawo wa pamwezi atatopa ndi kulozedwa zala panjira ya kuchipatala. Mankhwala akale a matendawa, monga chlorpromazine amene adayamba kugwiritsidwa ntchito ku France mu 1952, amathandiza kwambiri, koma ena amawaumitsa thupi, kuwanjenjemeretsa manja ndi kuwagonetsa tulo. Anthu akaona manja akunjenjemera amati, "Mwaona, zayambanso," osadziwa kuti chimene akuonacho ndi chizindikiro cha munthu amene akulimbikira kumwa mankhwala. Lipoti la WHO la mu 2022 lidati anthu odwala matenda aakulu a maganizo amamwalira zaka 10 mpaka 20 msanga poyerekeza ndi anthu ena, ndipo kawirikawiri chimawapha ndi matenda a m'thupi omwe akadatha kupewedwa. Sindidabwa nazo. Munthu amene umboni wake sumveka kubwalo, akadandaula kuti m'chifuwa mukupweteka amayankhidwanso chimodzimodzi: "Ndi mutu umenewo."

Maganizo akuti wodwala wotere ndi wofunika kumutsekera ali ndi mbiri yake m'dziko muno. Malo oyamba osungirako anthuwa adatsegulidwa mu 1910 ngati mbali ya ndende yaikulu ya Zomba, ndipo adali pansi pa ulamuliro wa ndende. Katswiri wa mbiri yakale Megan Vaughan adalemba za malowa mu 1983. Chipatala chenicheni cha Zomba Mental chidatsegulidwa mu 1953, ndipo lamulo la Mental Treatment Act lomwe atsamunda adakhazikitsa mu 1948 lidakhala likugwira ntchito zaka zoposa 70. Kwa zaka zambiri, tsono, wodwala ndi mkaidi ankalowera chipata chimodzi. N'chifukwa chake mpaka lero mawu akuti "akutengera ku Zomba" amamveka ngati chilango osati chithandizo, ngakhale kuti kumeneko n'kumene achimwene anga adakapezako moyo wawo.

Alembi a mu Africa adaliona kale vutoli. M'nkhani yaifupi ya Chinua Achebe yotchedwa The Madman, yomwe ili m'buku la Girls at War la mu 1972, muli bambo wina wolemekezeka dzina lake Nwibe. Tsiku lina akusamba kumtsinje, munthu wodwala misala adamutengera nsalu yake. Nwibe adamuthamangitsa ali maliseche mpaka kulowa mumsika, ndipo anthu ataona wamaliseche akuthamangitsa wovala, adagamula okha kuti wodwala ndi uti. Kuyambira tsiku limenelo Nwibe sadabwererenso pamalo pake. Atafuna kulowa m'gulu la akuluakulu a mudzi, iwo adangoikhotetsa nkhaniyo mwaulemu. Chomwe Achebe akutionetsa n'chakuti dzinali amapereka ndi anthu oonerera, ndipo akapereka salandanso. Nwibe sadadwale n'komwe, koma dzina lidamukakamira. Nanga kuli bwanji munthu amene adadwaladi?

Ndikudziwa kuti ena mwa anzanga akuti, "Iwe ukutaya nthawi ndi mawu. Vuto lenileni ndi kuchepa kwa madokotala, kusowa kwa mankhwala ndi kutalika kwa zipatala." Akunena zoona, ndipo sindikutsutsa. Liwu lokoma silingalowe m'malo mwa jakisoni. Komanso n'zoona kuti liwu latsopano limatha kudetsedwa ngati mtima wa olinena sudasinthe. Koma kunena kuti mawu alibe ntchito n'kulakwitsa. Ku Japan dzina lakale la schizophrenia linkatanthauza matenda a maganizo ong'ambika pakati, ndipo linkaopsa kwambiri moti madokotala ambiri ankalephera kuuza odwala chomwe akudwala. Mabanja a odwala atapempha, bungwe la madokotala a matendawa lidasintha dzinalo mu 2002 n'kuika lina lotanthauza kusagwirizana bwino kwa kagwiridwe ntchito ka maganizo. Kafukufuku adaonetsa kuti odwala ouzidwa dzina la matenda awo adachoka pa 37 mwa 100 alionse mu 2002 kufika pa 70 mu 2004. Munthu amene wauzidwa chomwe akudwala ndi amene angamvetse chifukwa chomwera mankhwala. Liwu lidatsegula khomo lomwe mankhwala adalowera.

Sitikusowanso kupita kutali. Akuluakulu athu akukumbukira nthawi yomwe Edzi inkatchedwa kaliwondewonde kapena magawagawa, ndipo pamaliro ankangoti malemu adadwala nthawi yaitali. Mu 2004 pulezidenti wa nthawi imeneyo, Bakili Muluzi, adaulula poyera kuti mchimwene wake adamwalira ndi Edzi. Chaka chomwecho boma lidayamba kupereka mankhwala otalikitsa moyo mwaulere. Anthu omwe ali ndi kachilombo adayamba kuyankhula okha pawailesi ndi m'misonkhano, ndipo chiyankhulo chidasintha: "wa Edzi" adasanduka "munthu yemwe ali ndi kachilombo". Tsankho silidatheretu, koma ndani angakane kuti lidachepa? Chimodzimodzinso mawu akuti "anthu aulumali" ndi "anthu achialubino", omwe adalowa m'malo mwa maina achipongwe, adabwezera liwu lakuti munthu patsogolo. Phunziro lake n'lakuti mphika umakhala pa mafuwa atatu: mankhwala opezeka, nkhope za anthu enieni, ndi mawu oyenera. Fuwa la mawu si lalikulu kuposa enawo, koma ndi limene lili m'manja mwathu.

Ena akuti, "Koma anthu amenewa ndi oopsa." Pano sindifuna kunama. Usiku wina, matenda atafika pachimake, achimwene adaswa zenera ndi mpini, ndipo ine ndidagona kunsi kwa bedi ndikunjenjemera. Munthu amene akukhulupirira ndi mtima wonse kuti akufuna kuphedwa angathe kudziteteza kwa adani omwe palibe. Koma ambiri mwa odwalawa savulaza munthu aliyense, ndipo kawirikawiri iwowo ndiwo amamenyedwa, kuberedwa ndi kugwiriridwa. Ngozi imakula pamene munthu sakulandira chithandizo, kapena pamene matenda asakanikirana ndi mowa ndi mankhwala ozunguza bongo. Tsono taonani: chimene chimachedwetsa chithandizo ndi manyazi ndi mantha athu omwewo. Tsankho limabala ngozi yomwe likuti likuiopa. Zenera lija lidasweka mwezi wa 10 wa kubisa kwathu, osati achimwene ali pa mankhwala.

Za chamba nazonso zili ndi mbali yake yoona. Kusuta chamba kwambiri, makamaka munthu akadali wamng'ono, kumaonjezera mpata wodwala matendawa. Koma alipo ambiri amene adadwala asadachigwirepo, ndipo achimwene ndi mmodzi wa iwo. Liwu lakuti "ndi chamba" limatikomera chifukwa limaika mlandu pa wodwala n'kutimasula ife ku udindo womusamala. Ngakhale amene adasutadi, kodi timamukaniza chithandizo dalaivala amene wachita ngozi chifukwa chothamangitsa galimoto? Pa za mapemphero, amayi anga amapempherabe mpaka lero, ndipo amayi a chigwirizano amene ankabwera ndi ufa ndi nkhuni masiku ovuta aja adatithandiza koposa. Pemphero ndi chipatala si adani. Mdani ndi munthu amene amauza wodwala kuti ataye mankhwala pofuna kuonetsa chikhulupiriro.

Nanga chimene chimachotsadi tsankho n'chiyani? Mu 2022 gulu la akatswiri lomwe magazini ya zachipatala ya The Lancet idasonkhanitsa lidaunika kafukufuku wochuluka wa m'maiko osiyanasiyana, ndipo lidapeza kuti njira yamphamvu kuposa zonse ndi kukumanitsa anthu amene adadwalapo ndi amene sadadwalepo, kuti adziwane ngati anthu. Mmodzi mwa atsogoleri awiri a gululi, Charlene Sunkel wa ku South Africa, ndi mayi amene amanena poyera kuti ali ndi schizophrenia. Makolo athu adaifupikitsa nkhani yonseyi m'mwambi umodzi: ali dere n'kulinga utayenda naye. Kuno kwathu bungwe la MeHUCA limasonkhanitsa odwala ndi owasamalira kuti adziyankhulire okha, ndipo a St John of God ku Mzuzu akhala akufikira odwala m'midzi mwawo momwe. Ntchito zotere n'zofunika kuzichirikiza. Koma munthu sangatuluke kudzayenda nafe ngati akudziwa kuti pakhomo pakumudikira dzina lija.

Pano ndiyenera kuulula mlandu wanga, pakuti n'kosavuta kuloza chala bambo wa kubwalo uja. Chaka changa choyamba pasukulu pano, nthawi ya mayeso, mnzathu wina ankayenda yekha usiku akuloweza zolemba mokweza. Wina adati, "Ameneyu wathawa ku Zomba," ndipo amene adaseka kwambiri m'chipinda chija ndidali ine. Ndinkaseka kuti wina asandiganizire. Chaka chomwecho achimwene adandikhomera kashelefu ka mabuku n'kukwera nako minibasi kudzandipatsa. Ine ndidawachingamira kudepoti, ndidawagulira chakumwa, n'kuyamba kupereka zifukwa zoti alendo saloledwa kumalo ogona. Adandimvetsera mpaka ndidamaliza, kenaka adati, "Iwe, ndikudziwa chifukwa chake sukufuna kuti ndikafike kumene umagona. Usadandaule. Nanenso ndikadakhala iwe, mwina ndikadatero." Adakwera minibasi yobwerera. Kashelefuko ndidakasenza ndekha, ndipo palibe katundu amene adandilemerapo chotero. Bambo wa kubwalo uja adali mdani pamlandu. Ine ndidali mng'ono wawo, wophunzira, wodya ndalama yawo.

Tsono tichite chiyani ife a chiyankhulo? Sindikunena kuti liwu lakuti misala liletsedwe. Mawu samangidwa ndi apolisi, ndipo namwino wa kumudzi ayenera kuyankhula zomwe anthu akumva. Chimene ndikupempha choyamba n'chakuti tibwezere mneni pamalo pake. Tizinena kuti akudwala matenda a maganizo, adadwala, ali pa mankhwala, akupezako bwino, adachira. Chiganizo chotere chimasiya khomo lotsegula kuti munthu atulukemo. Chachiwiri, Chichewa chikusowa maina omveka osiyanitsa matendawa, ndipo ntchito yopanga mawu ndi yathu pamodzi ndi mabungwe onga Centre for Language Studies. Koma mawuwo asapangidwe muofesi mokha. Phunziro la ku Japan n'lakuti pempho lidachokera kwa mabanja, choncho odwala ndi abale awo akhale nawo pamphasa pomwe mainawo akukambidwa. Dzina lomwe mwini wake sangalitchule pamaso pa apongozi ake ndi dzina lolephera.

Chachitatu chikukhudza ife olemba nkhani, ndakatulo ndi masewero. Kodi ndi masewero angati amene tidaonera, kusukulu ndi pakanema, momwe munthu wa nsanza, wopaka phulusa, amalowa pabwalo kuti anthu aseke? Nthawi zina timamupatsa mawu anzeru kuti aneneze atsogoleri, n'kumadziona ngati tamulemekeza. Koma ngakhale pamenepo iye si munthu, ndi chida cha mlembi. Alibe mayi, alibe ntchito, alibe dzulo kapena mawa. Ndikulakalaka kuwerenga nkhani ya m'Chichewa yomwe mtengambali wake amapita kukabayitsa jakisoni Lachiwiri m'mawa, masana n'kukakangana ndi kasitomala pa mtengo wa chitseko, madzulo n'kumaganiza mmene angauzire chibwenzi chake za matenda ake. Moyo weniweni wa anthu ambiri odwala matendawa ndi umenewo, ndipo sudalembedwe mokwanira.

Chachinayi ndi chaching'ono koma ndicho chovuta: kusaseka. Lungalunga n'pobadwa, chilema chichita kudza. M'kalasi mwathu, m'chipinda chathu chogona, muli wina amene ali ndi m'bale wake kumudzi yemwe samutchula, kapena amene iye mwini amabisa mapiritsi pansi pa zovala m'sutikesi. Nthabwala iliyonse ya ku Zomba imamuuza kuti apitirize kubisa. Ine ndikudziwa, chifukwa ndidali mmodzi wa oseka ndiponso mmodzi wa obisa pa nthawi imodzi.

Pali mwambi womwe tonse timaudziwa, wakuti wamisala adaona nkhondo. Timaugwiritsa ntchito pochenjeza kuti mawu a munthu wonyozeka asatayidwe, pakuti mudzi umene udaseka chenjezo lake udaonongeka. Makolo amene adapeka mwambiwu ankadziwa kuti kudwala sikuchotsa maso kapena chilungamo m'kamwa mwa munthu. Bwalo la kwathu lija likadaukumbukira, gogo uja sakadavutika kuyenda ndi ndodo kudzabwereza zomwe zidanenedwa kale. Komabe ngakhale mwambi wabwinowu sumutchula munthuyo dzina. Adapulumutsa amene adamumvera, koma mpaka lero tikumudziwa ndi matenda ake okha.

Ndisadabwerere kusukulu ndidapita kushedi kwa achimwene kukawawerengera zomwe ndidalemba. Adamvetsera akupala thabwa, osaimitsa dzanja. Nditamaliza ndidawafunsa kuti, "Nanga inuyo achimwene, mungakonde kuti anthu azikutchulani chiyani? Wodwala maganizo, kapena wochira?" Adauzira fumbi pathabwapo, nalipenda ndi diso limodzi kuti aone ngati lawongoka, kenaka adati, "Dzina ndili nalo, adandipatsa agogo. Likawavuta, azingoti akalipentala."